ANYEZI: KUMENE ANACOKERA, NCHITO YACE M'THUPI, NDI KASUNGIDWE KACE

Kwa mafumu, nyakwawa ndi alimi a m'midzi ya Kapeni, Machinjiri ndi Kuntaja, ndi kwa onse akugula ndi kugulitsa ndiwo pa msika wa Mbayani.

Mau awa alembedwa kuti awerengedwe pabwalo, amuna ndi akazi ali pomwepo, pakuti anyezi alimidwa ndi banja lonse, koma womdziwa bwino ndiye mai wa kukhichini. Wodziwa kuwerenga awerengere anzace pang'onopang'ono, ndipo mfumu ilole anthu kufunsa.

Inu nonse mudziwa mseu uja ucoka m'tauni ya Blantyre, nupita pa Mbayani ndi Chirimba kunka ku Lunzu. Mukaima pa msika wa Mbayani mwezi wa Okutobala mudzaona anyezi ali mbwee, milu ikuruikuru, ndi wogulitsa ali kukukakamizani banyira kuti katundu athe. Mukabweranso pamalo pomwepo mwezi wa Malichi mudzapeza timitu titatu tofota pa mulu umodzi, mtengo wace wowawa, ndipo mai wa ana asanu angogula kamutu kamodzi, nakadula pakati kuti kafikenso mawa. Pa nyengo imeneyo anyezi wambiri wa m'misika ya Ndirande, Bangwe, Zingwangwa ndi Limbe acokera kutali, ku mapiri a Ntcheu ndi Dedza, ndi wina kunja kwa dziko lino. Mlimi wa kuno anagulitsa mochipa pamene anzace onse anali kugulitsa, ndipo wotsala anamuolera m'thumba. Kotero wolima ndi wogula asauka onse awiri, ndi ndalama zimene zikadalowa m'midzi yanu zipita ndi malole. Bvuto ili mungathe kulicepetsa ndi manja anu, ndipo njira yace tiinena m'munsimu. Koma tiyambe tadziwa mbeu yomweyo.

KUMENE ANACOKERA

Anyezi si mbeu ya makolo athu monga mapira, mawere ndi nzama. Dzina lace lomwe limuulula, pakuti ndiwo mau a Cingerezi akuti onions, opindidwa ndi lilime lathu. Mbale wace adyo anatenga dzina kwa Apwitikizi, amene amucha alho, monga momwe tinatengera kwa iwo mau akuti mbatata. Apwitikiziwo anyezi amucha cebola, ndipo mukachera khutu mudzamva kuti mau awa afanana ndi tsabola wathu.

Kwao kwa anyezi ndiko ku Asia, ku maiko ouma ndi a mapiri a cakumpoto ndi cakum'mawa kwa Iran, kumene anthu anayamba kumlima zaka zokwana 5,000 zapitazo. Kumeneko mvula igwa nyengo yaifupi, ndipo mbeuyo ipulumuka cilimwe mwa kubisa madzi ndi cakudya m'munsi mwa masamba ace, nidzikulunga ndi makoko ouma. Cimene inu mucicha mutu wa anyezi si muzu ai, koma ndiwo matsinde a masamba onenepa okumbatirana. Gwirani mau amenewa, cifukwa kasungidwe konse ka anyezi kacokera pamenepo.

Ku Babulo kunapezedwa mapale a dothi olembedwa zaka pafupifupi 1,750 Kristu asanabadwe, ofotokoza kaphikidwe ka nyama ndi msuzi, ndipo anyezi ndi adyo achulidwa m'menemo kawirikawiri. Aigupto anamlima m'mbali mwa mtsinje wa Nile, namjambula pa zipupa za manda. Ndi mfumu yao Ramesses IV, imene inafa zaka zoposa 3,100 zapitazo, inapezedwa ndi timitu ta anyezi m'malo mwa maso. Herodotus, Mgriki wolemba mbiri, anasimba kuti pa manda akuru aja a miyala ochedwa piramidi panalembedwa ndalama zimene zinaonongedwa pogulira anchito anyezi ndi adyo. Inu amene munapita kusukulu ya Mishoni mukumbukanso buku la Numeri, mutu 11, pamene ana a Israyeli anatopa ndi mana m'cipululu, nalira pokumbukira ndiwo za ku Aigupto. Anyezi ali m'gulu la zimene anazilirira. Anthuwo sanali ndi njala, koma cakudya cinawakola cifukwa cosasintha kukoma, ndipo mai ali yense wophika nyemba masiku asanu otsatana adziwa mlandu umenewo.

Kuno ku mapiri a Shire, Mishoni ya Blantyre inakhazikidwa m'caka ca 1876, ndipo mwa oyamba kufika munali John Buchanan, wodziwa za minda. M'caka ca 1878 anafika Jonathan Duncan, amene anadza ndi timitengo ta khofi kucokera ku Edinburgh. M'munda wa Mishoni munalimidwa ndiwo za ku Ulaya, ndi anyamata ogwira nchito m'menemo anaphunzira kufesa pa bedi, kuoka ndi kuthirira, natengera nzeruzo kwao. Amwenye amene anatsegula masitolo ku Blantyre ndi ku Limbe saphika ndiwo popanda anyezi, kotero wolima anapeza womgula. Agogo athu anali kuphika ndiwo ndi cidulo ndi nsinjiro; kukazinga anyezi ndi matimati m'mafuta kunafala pambuyo pace, ndipo lero palibe nyumba ku Mbayani imene sikudziwa.

Pa dziko lonse lapansi, m'caka ca 2021, anakolola anyezi woposa matani 100 miliyoni, ndipo pafupifupi theka lace linacokera ku India ndi ku China.

ZIMENE ZIRI M'KATI MWACE

Tengani mutu umodzi waukuru ngati lalanje laling'ono. Umenewo ulemera magalamu 100 kapena pafupi pamenepo. Mwa magalamu 100 amenewo, 89 ndiwo madzi okhaokha. Magalamu 9 ndi zotsekemera pamodzi ndi ulusi wothandiza m'mimba, galamu imodzi ndi comanga thupi, ndipo mafuta ali ngati mulibe. Mphamvu imene mutuwo upatsa thupi ndiyo makalori 40, pamene ufa wa cimanga wolemera cimodzimodzi upatsa pafupifupi 360. Cifukwa cace munthu asanene kuti anyezi akhutitsa kapena anenepetsa. M'njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri midzi ya Blantyre, cimene anthu anacifuna ndi cimanga. Dimba la anyezi lithandiza pa njala pokhapo mwini wace akagulitsa, nagula ufa.

Muli m'menemo zinthu zina zosaoneka ndi maso zimene madokotala azicha mavitamini. Vitamini C alimo mamiligalamu 7, pamene munthu wamkuru afuna osacepera 45 tsiku ndi tsiku. Gwafa wolemera magalamu 100 ali nao oposa 200. Taonani tsono kuti pa nkhani iyi anyezi apambanidwa kutali ndi cipatso cimene ana anu athyola kuseri kwa nyumba. Koma ali ndi mwai umodzi umene gwafa alibe, ndiwo kukhala miyezi yambiri osaola. Munthu akasowa vitamini ameneyu kwa miyezi iwiri kapena itatu, nkhama zace zitupa ndi kukha magazi, mano agwedera, ndi zironda zikana kupola. Nthenda imeneyi inapha amalinyero ambiri m'zombo za kale, ndipo James Cook, pa ulendo wace wa 1768, anaima pa cisumbu ca Madeira nagulira anthu ace anyezi wambiri. Inagwiranso abale athu amene anapita ku migodi ya Southern Rhodesia kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, kumene anali kudya nsima ya mgaiwa tsiku ndi tsiku popanda ndiwo zaziwisi. Vitamini ameneyu aonongeka ndi moto wautali, ndiponso ndi soda ndi cidulo. Mukafuna kumpeza, dyani anyezi wina wamuwisi, kapena mumthire m'ndiwo zitatsala pang'ono kupsa.

Alimonso vitamini B6, folate wofunika kwa amai oyembekezera, ndi mcere wa m'nthaka wochedwa potaziyamu, koma zonsezi pang'onopang'ono.

Tsono phindu lace lalikuru liri kuti? Ine ndiyesa kuti liri pa zinthu zitatu, ndipo coyamba ndico cimene anthu acipeputsa. Anyezi adyetsa ndiwo zina. Aphungu a zakudya atiphunzitsa kudya za magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Koma mwana sadziwa magulu. Iye adziwa pfungo. Nyemba, nandolo, khobwe, bonya, mpiru ndi nkhwani zikakazingidwa ndi kamutu kamodzi ka anyezi, mwana apempha zina, ndi wodwala amene anali kukana cakudya atsegula pakamwa. Zomanga thupi ziri m'nyembamo, koma wozilowetsa m'mimba ndiye anyezi.

Caciwiri cikhudza magazi. Amai ndi ana ambiri m'dziko lino adwala kucepa kwa magazi, cifukwa citsulo ca m'cimanga ndi m'nyemba sicilowa msanga m'thupi. M'caka ca 2010 akatswiri a zakudya a ku Mysore, ku India, anayesa mbeu za ufa ndi za nyemba, napeza kuti zikaphikidwa pamodzi ndi anyezi kapena adyo, citsulo ndi zinki za m'menemo zimasuka kocuruka. Anayesa m'mabotolo a nyumba yao yoyeseramo, mofanizira mimba ya munthu; kotero mai woyembekezera asaleke mapiritsi a magazi amene alandira kusikelo, koma aphike nyemba zace ndi anyezi, nadyerenso cipatso.

Cacitatu ndi mcere. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, lilangiza kuti munthu wamkuru asapitirire magalamu 5 a mcere pa tsiku, ndiyo sipuni yaing'ono imodzi yosasefukira, cifukwa mcere wambiri uthamangitsa magazi, ndi nthenda imeneyo ipuwalitsa anthu ziwalo m'matauni ndi m'midzi momwe. Ndiwo zokoma ndi anyezi, adyo ndi matimati sizifuna mcere wambiri. Bungwe lomwelo liti munthu adye ndiwo zamasamba ndi zipatso zokwana magalamu 400 pa tsiku. Madokotala aona kuti anthu akudya zamasamba zambiri, pamodzi ndi anyezi ndi adyo, sadwala nthenda za mtima kawirikawiri monga anzao. Koma ulemu umenewo ndi wa mbale yonse, si wa anyezi yekha.

Posenda musataye zambiri. Cinthu cina cochedwa quercetin, cimene akatswiri acifufuza kwambiri pa nkhani ya mtima, cicuruka m'zikamba zakunja zoyandikana ndi khoko, makamaka mwa anyezi wofiira. Cotsani khoko louma lokha. Ndipo masamba obiriwira musaponyere mbuzi, pakuti ali ndi vitamini A wothandiza maso, amene m'mutu mulibe. Ulusi wa anyezi udyetsa tizirombo tabwino ta m'matumbo. Ndico cifukwa cace anthu ena atupidwa ndi mpweya akadya wamuwisi, ndipo otere amdye wophika.

ZA MISOZI

Anyezi akoka sulufule m'nthaka, namsunga m'thupi mwace. Mpeni ukadula, madzi a m'zipinda zace zing'onozing'ono asanganikirana, natulutsa mpweya wolasa, umene ufika m'maso ndi kuchula misozi kuti iutsuke. Cimene cipanga mpweyawo cinadziwika bwino m'caka ca 2002, pamene Shinsuke Imai ndi anzace a ku Japan anacipeza. Maso saonongeka nao. Nolani mpeni kuti udule osaphwanya, khalani panja pamene mphepo ipita, ndipo mbali ya ku mizu muidule potsiriza.

ZIMENE ANYEZI SANGATHE

Pano ndinena molimba, mafumu, pakuti apa pafa anthu. M'caka ca 2020, pofika mliri wa COVID-19, mau anayenda m'mafoni akuti anyezi wodula woikidwa m'ngodya za nyumba ayamwa tizirombo ta nthenda, ndi akuti adyo ndi anyezi aciritsa mliriwo. Mau amenewo ndi onama. Anyezi sayamwa nthenda mumpweya, ngakhale kuicotsa m'thupi mwa kummanga kuphazi usiku. Saciza malungo, cifuwa cacikuru, nthenda ya shuga, kapena kacirombo ka HIV. Munthu wakumwa ma ARV, kapena mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, adye anyezi m'ndiwo monga anthu onse, koma asasiye mankhwala ace tsiku ndi limodzi lomwe.

Mwana akatentha thupi, nayamba kukomoka, ena amnunkhiza anyezi ndi kumpaka thupi lonse, nadikira kuti kuce. Usiku umenewo ndiwo umene malungo afika ku ubongo. Mnyamuleni nthawi yomweyo kunka naye kucipatala, akamuyeze magazi, nalandire mankhwala. Cimodzimodzi wolumidwa ndi njoka. Musathire madzi a anyezi m'diso, m'khutu kapena pa bala la moto. Anyezi wosanganiza ndi uci afewetsa kukhosi pa cimfine, ndipo zimenezo sitiletsa kwa akuru, koma khanda losakwana caka limodzi lisapatsidwe uci. Ndi cifuwa cikapitirira masabata awiri, munthuyo akayezetse makhololo.

Dziwaninso kuti cimene ciri cabwino kwa munthu ciipira ziweto zina. Anyezi aononga magazi a galu, mphaka ndi ng'ombe zikamdya wambiri. Woola musamtayire m'khola. Mkwirireni m'dzenje la manyowa, kutali ndi bedi la anyezi.

Anyezi wamuwisi wa pa ciwaya ndi wa m'saladi afuna ukhondo. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inaposa zonse zakale m'dziko lino, inagwira anthu oposa 58,000, nipha oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 masukulu a m'Blantyre ndi m'Lilongwe anacedwa kutsegulidwa cifukwa ca iyo. Nthendayo iyenda ndi madzi ndi manja. Sambani m'manja ndi sopo, tsukani anyezi ndi madzi a pa mpope kapena othira klorini mutamsenda, ndipo mpeni umene wadula nyama kapena nsomba usakhudze zodya zaziwisi usanatsukidwe. Inu alimi, musathirire ndiwo ndi madzi a Mudi kunsi kwa mafakitale, kapena a timitsinje topita pakati pa nyumba zothinana ndi zimbudzi.

KALIMIDWE KACE

Anyezi awerenga kutalika kwa usana. Aphuka masamba kufikira usana utakwana muyeso wa mtundu wace, ndipo pamenepo aleka masamba nayamba kumanga mutu. Kuno ku Blantyre usana ukhala maora 11 ndi mphindi zocepa mwezi wa Juni, nufika pafupifupi maora 13 mwezi wa Disembala. Mitundu ya ku maiko ozizira a Ulaya ifuna maora 14 kufikira 16, amene ife tiribe. Mukafesa mbeu yotere mudzakolola masamba ndi khosi lalikuru popanda mutu. Cifukwa cace gulani mbeu ya m'paketi yotseka, yolembedwa dzina ndi tsiku, ndipo mufunse mlangizi wa kwanu za mitundu imene inayesedwa ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo. Mbeu ya anyezi ifa msanga. Yogona caka cathunthu m'nyumba yotentha imera mwa apo ndi apo.

Mitundu iwiri mudzaipeza kawirikawiri m'masitolo. Texas Grano ndiye wa khoko lacikasu, mutu waukuru, wozuna, wobereka kwambiri. Makolo ace anacokera ku Spain, ndipo anatulutsidwa ku Texas m'caka ca 1944. Koma ali ndi madzi ambiri, ndipo sakhalitsa. Red Creole, wa ku Louisiana, ndiye wofiira, mutu wocepa wophwathalala, wolimba ndi wowawa, ndipo iye akhala miyezi inai kapena kuposa akaumitsidwa bwino. Wofuna kugulitsa msanga abzale woyambayo. Wofuna kudikira mtengo wa dzinja abzale wofiira. Alimi ambiri asankha ndi maso, poona kukula kwa mutu, nadabwa mwezi wa Disembala thumba likuchucha madzi.

Fesani kuyambira kumapeto kwa Febuluwale kufikira Epulo. Mukafulumira kwambiri, mbeu zidzakhala zitakula pofika cisanu ca Juni ndi Julayi, ndipo kuzizira kudzazituma kutulutsa maluwa. Anyezi wa maluwa ali ndi phesi louma pakati, ndipo sasungika. Mukacedwa, usana udzatalika masamba asanacuruke, ndi mitu idzakhala ngati nthudza. Bedi la nazale likhale lokwera, la dothi losalala losanganiza ndi manyowa oola bwino. Lembani timizere totalikirana masentimita 15, ndi kuya kwace sentimita imodzi. Fesani mopatuka, kwirirani pang'ono, phimbani ndi udzu wouma wopanda njere, ndipo thirirani m'mawa ndi madzulo. Pakupita masiku 7 kufikira 10 mbeu zidzamera. Cotsani udzuwo tsiku lomwelo kuti zisapindike.

Atapita masabata 6 kufikira 8, mbeu zikafika msinkhu wa cikhatho ndi zala, tsinde lace locepa pang'ono kwa pensulo, ziokeni madzulo. Mizere italikirane masentimita 30, ndilo phazi limodzi, ndi mbeu masentimita 10 mumzere. Musazamitse, mizu ndi kansonga koyera zikalowa, cakwana. Tsono werengani nane. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali litenga mizere itatu, mzere uli wonse mbeu 100, zonse pamodzi 300. Banja lakudya mutu umodzi pa tsiku kuyambira Novembala kufikira Malichi lidya mitu 150, ndipo ina 150 itsala yogulitsa pamene mtengo wakwera. Mabedi awiri kapena atatu otere sakanika munthu mmodzi ndi keni yace.

Mizu ya anyezi ndi yaifupi, yosapitirira pamwamba pa nthaka, kotero afuna madzi pang'ono kawirikawiri, ndi udzu umpambana msanga. Zulani udzu ndi manja pafupi ndi mbeu, kuti khasu lisatemere mitu. Musaundire dothi monga mucita ndi mbatatesi. Mutu ukonda kukhala theka pamtunda. Feteleza wobereketsa mumthire mbeu zikagwira, ndipo mumleke mitu ikayamba kutupa, pakuti wothiridwa mocedwa anenepetsa khosi, ndi khosi lonenepa ndilo khomo la kubvunda.

Mukaona masamba acita mawanga otuwa ngati siliva m'nyengo yotentha, patulani pakati pa masamba ang'ono, ndipo mudzapeza tizirombo tating'ono kwambiri tothamanga. Kuthirira kokwanira kuticepetsa. Mawanga ofiirira olowa m'kati adza ndi cinyezi, makamaka masiku a ciperoni. Thirirani pansi, osati pa masamba, ndipo musabwereze anyezi kapena adyo pamalo amodzi zisanapite zaka zitatu. Mankhwala opopera mufunse mlangizi, musunge masiku olembedwa pa botolo musanakolole, ndipo mankhwala a thonje asafike pa ndiwo za anthu.

KUKOLOLA NDI KUSUNGA

Apa ndipo pagona ndalama zanu. Miyezi inai kapena isanu mutaoka, makosi adzayamba kufewa, ndi masamba kugwa okha. Oyamba akagwa, lekani kuthirira. Musawaponde ndi mapazi kuti agwe msanga, monga acita ena pothamangira msika, cifukwa khosi lothyoledwa lisanakhwime silitseka. Dikirani kufikira theka la munda kapena kuposa lagwa, ndipo muzule tsiku louma, mosamala, osaponya mitu pa mulu ngati miyala. Mutu wobvulala lero udzaola mwezi wamawa, nuoletsa anzace.

Kumbukani mau aja akuti mutu ndiwo masamba odzikulunga. Nchito yanu ndiyo kulola khosi kuti litseke, ndi makoko kuti aume. Yalani anyezi ndi masamba ace omwe pa thandala, pamthunzi popita mphepo, masabata awiri kapena atatu. Dzuwa la Okutobala liocha mitu ikakhala poyera, kotero mukaumitsira m'munda, masamba a mzere wina aphimbe mitu ya mzere unzace. Mudzadziwa kuti wauma pamene makoko alira mukamgwira, ndi khosi mukalipotokola pakati pa zala silitereranso. Pamenepo mungathe kuluka masambawo ngati nkhata ndi kupacika, kapena kudula, kusiya khosi lotalika zala ziwiri. Wodula pafupi ndi mutu atsegulira nkhungu njira.

Sankhani musanasunge. Wa khosi lalikuru, wa maluwa, wogawanika pawiri ndi wotemedwa mudye kapena mugulitse poyamba. Wolimba yekha ndiye alowe m'nyumba. Mpacikeni kudenga kumene mphepo ipita, kapena mumuyale pa nsanja ya nsungwi yokwera kufika m'ciuno, mitu yosaunjikana kupitirira itatu. Thumba la feteleza ndi la pulasitiki ndiwo manda a anyezi, cifukwa mutu upuma ndi kutulutsa cinyezi. Mukafuna thumba, likhale la ukonde. Asagone pansi pa simenti kapena pa dothi, ndipo asakhale pamodzi ndi mbatatesi. Denga lodontha likonzedwe mvula isanayambe. Sabata iri yonse pitani mukagwire mitu ndi kununkhiza. Wofewa ndi wophuka mumcotse. Pfumbi lakuda pansi pa khoko ndi nkhungu: mutu ukakhala wolimba, sendani ndi kutsuka, nimuphike, ukafewa, tayani.

Pogulitsa musatulutse zonse tsiku limodzi. Dengu limodzi pa sabata, kuyambira Januwale, lidzakupatsani za sopo, mcere ndi makope a ana m'miyezi imene nkhokwe ipepuka, ndipo simudzapita kwa wokongoza ndalama za katapila.

MAU KWA MAFUMU

Inu eni nthaka, pogawa madimba mukumbuke akazi amasiye ndi anyamata ongokwatira, pakuti mbeu iyi ifuna malo ocepa ndi manja osatopa. Musalole kulima kufikira pa gombe lenileni la mtsinje. Pakhale mpata wa udzu, bango ndi mitengo, kuti madzi a dzinja asakokolole dimba, ndi citsime cisaphwe mwezi wa Sepitembala pamene mitu iri kutupa. Lamulo la mbuzi ndi ng'ombe m'cilimwe linenedwe pabwalo mbeu zisanaokedwe, kuti milandu icepe. Ndipo alimi asanu kapena khumi akagwirizana kumanga cisakasa cimodzi ca nsanja, ca denga labwino, ndi kutuma mmodzi wa iwo kumsika ndi katundu wa onse, muwapatse malo, nimukhale mboni ya ciwerengero ca mitu ya munthu ali yense.

Inu a m'Mbayani, Chemusa ndi Chilomoni amene mulibe dimba, tengani thumba lakale, beseni lobooka kapena ndowa yotha, mudzaze dothi losanganiza ndi manyowa, nimuike pamene dzuwa lifika theka la tsiku. Bzalanimo anyezi wamng'ono uja wobereka timitu tambiri pa phata limodzi, amene ena amucha shaloti. Iye safuna njere, koma kamutu kamodzi kabala anzace, ndipo apirira mvula koposa anyezi wamkuru. Anyezi wa kumsika amene waphuka m'nyumba mumbzalenso momwemo. Thirirani ndi madzi otsukira mpunga kapena ndiwo, opanda sopo ndi mafuta, ndipo pakupita masabata atatu kapena anai mudzayamba kubudula masamba akunja, kusiya a pakati kuti akule.